Garaja ya pa King Street ndi nyimbo zimene timavina ku Blantyre

Mumzinda wa New York, pa King Street nambala 84, panali nyumba yoimikamo magalimoto. Inali nyumba wamba ya konkire, yokhala ndi kamtunda kokwerera magalimoto kupita m'chipinda chapamwamba. Kuyambira 1977 mpaka 1987 chipinda chapamwambacho chinali malo ovinira disiko otchedwa Paradise Garage. Ambiri mwa ovina mmenemo anali amuna okonda amuna anzawo, makamaka akuda ndi ena amene makolo awo anachokera ku Puerto Rico ndi maiko oyandikana nawo. Ndikulemba za malo amenewa ndili kwathu ku Chilomoni, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kukwinya nkhope. Ndipirireni muwerenge kaye.

Ntchito yanga ndi yobwereketsa zokuzira mawu. Ndimaimba pa zinkhoswe, pa maukwati, pa maphwando a ana omaliza sukulu, nthawi zina pa misonkhano ya mpingo anthu akachuluka mpaka kusefukira kunja kwa tenti. Ndinayamba ndili mnyamata, kukankha masipika a malume anga pa wilibala m'tinjira ta ku Ndirande, nthawi ya makaseti ija pamene kubweza nyimbo kunkafuna bolopeni. Munthu wa ntchito ngati yanga akayamba kufufuza za mbiri ya masipika a m'malo ovinira, pofuna kudziwa chifukwa chake besi ya wina imagunda pachifuwa pamene ya mnzake imangolira ngati mgolo, mayina awiri amangobwerabwera: Richard Long ndi Larry Levan. Wina ankapanga zida, mnzakeyo ankaziimba. Onse awiri ntchito yawo yaikulu anaigwira m'garaja imeneyi. Ine ndinafika pa nkhaniyi ndikufunafuna miyezo ya bokosi la besi yoti ndikampatse kalipentala wanga, koma ndinapezamo zambiri kuposa miyezo.

Kuti timvetse chifukwa chake anthu ankakwera kamtunda kaja mothamanga, tiyenera kudziwa mmene zinthu zinalili kunja. M'zaka za m'ma 1960, malo omwera mowa ku New York ankatha kulandidwa laisensi akapezeka kuti akulandira amuna okonda amuna anzawo. Amuna awiri akavina atagwirana, apolisi ankatha kuwatola. Chifukwa cha zimenezi, malo ambiri olandira anthu otere ankayendetsedwa ndi zigawenga za Mafia, zomwe zinkadyetsa apolisi ziphuphu n'kumagulitsa mowa wothira madzi pa mtengo wokwera. Stonewall Inn, pa Christopher Street, anali amodzi mwa malo otere. Pa kauntala panalibe ngakhale mpopi wa madzi, matambula ankangowaviika m'beseni n'kupatsa wina. Koma munali poti n'kuvina, ndipo anthu ankapirira zonsezo chifukwa cha gule. Apolisi akafika pakhomo, magetsi oyera ankayaka, aliyense n'kusiya mnzake. Ankayang'ananso zovala, mwamuna wovala diresi kapena mkazi wovala zachimuna n'kumukweza galimoto. Ife amene tinakula nthawi ya Kamuzu izi sizachilendo kwenikweni. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi athu kuvala buluku ndi siketi yaifupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa. Timadziwa mmene zimamvekera boma likamayeza thupi la munthu ndi tepi. Usiku wa pa 28 Juni 1969 apolisi anabweranso ku Stonewall, koma ulendo umenewu anthu anakana kukwera galimoto mwakachetechete, ndipo chipolowe chinapitirira masiku angapo.

Patangopita miyezi yochepa, pa 14 Febuluwale 1970, mkulu wina dzina lake David Mancuso anayamba kuitanira anzake kunyumba kwake pa Broadway. Sankagulitsa mowa, choncho za laisensi sizinkamukhudza. Munthu ankalowa ndi khadi loitanidwa. Mkati munali mabaluni, chakudya, zipatso, ndi masipika abwino kwambiri amene iye akanatha kugula. Malowa anatchedwa The Loft, ndipo anaonetsa njira: ukachotsa mowa ndi kutseka chitseko kwa anthu osaitanidwa, apolisi ndi zigawenga amasowa polowera. Anyamata awiri akuda amene ankavina kumeneko anali Larry Levan wa ku Brooklyn, wobadwa mu 1954, ndi mnzake Frankie Knuckles wa ku Bronx, wobadwa mu 1955. Anadziwana ali achichepere, anagwira limodzi maganyu ofufumitsa mabaluni ku kalabu ya Nicky Siano yotchedwa The Gallery, kenako onse anaphunzira kuimba zimbale ku Continental Baths.

Michael Brody, amene anali ndi kalabu ina pa Reade Street komwe Levan ankaimba, ndiye anapeza garaja ija. Ndalama zina anathandiza ndi Mel Cheren, mwini wake wa kampani yojambula nyimbo ya West End Records, amene poyamba anali bwenzi lake la Brody. Ndalamazo sizinakwane kumaliza zonse nthawi imodzi, motero mu 1977 ankachititsa maphwando m'kachipinda kam'mbali, ntchito yomanga ili mkati, ndalama zapakhomo n'kugulira matabwa ndi mawaya. Tsiku lotsegulira mwalamulo, mu Januwale 1978, zinthu zinavuta kwambiri. Kunagwa chipale chofewa, zida zina zinachedwa kufika, ndipo alendo anaima panja m'chisanu nthawi yaitali. Aliyense wa ntchito yathu amene anaonapo akwati akulowa mu holo mawaya asanalumikizidwe akudziwa mmene m'mimba mumatenthera nthawi yotere. Azungu olemera amene Brody ankafuna kukopa anapsa mtima n'kuchoka, ndipo ambiri sanabwererenso. Amene anatsala anali ana a anthu wamba, akuda ndi anzawo a ku Puerto Rico, ochokera ku Harlem, ku Bronx ndi ku Brooklyn. Malowa anakhala awo.

Tsopano ndilankhule za mawu, pakuti m'pamene mtima wanga uli. Richard Long sanangogula masipika n'kuwaunjika pakona monga timachitira ambirife. Anayamba ndi chipindacho. Konkire imabweza mawu, ndipo mawu akabwerera amasokonezana ndi amene akubwera kumene, munthu n'kumangomva phokoso. Choncho kudenga anaikako zinthu zomeza mawu. Pansi anayala matabwa ofewerapo kuti munthu avine usiku wonse maondo osapweteka. Mabokosi a besi anawapanga mwapadera mpaka anawatcha dzina la Levan. Timasipika ta mawu osongoka anatilendewetsa kudenga, pamwamba pa mitu ya ovina. Levan anali ndi makina atatu ozungulitsira zimbale, ndiponso chida chogawira mawu chomwe chinkamulola kuchotsa besi yonse mwadzidzidzi, kusiya mawu a woimba okha akuyandama, anthu n'kumakuwa podikira, kenako n'kuibweza. Chimene DJ aliyense wa ku Limbe amachita lero ndi kabatani kamodzi, iye ankachichita ndi manja pa zida zolemera, ndipo ankadziwa nthawi yake. Ngakhale singano zoimbira zimbale ankazisintha usiku uli mkati, kuyamba ndi zotsika mtengo n'kumalizira zabwino kwambiri, kuti makutu akamatopa mawu azikhala akukomerakomera.

Amene ankavina kumeneko amasimba kuti Levan ankatha kusiya nyimbo, kutenga makwerero n'kukapukuta mipira ya magalasi yolendewera kudenga chifukwa waona fumbi, anthu ambirimbiri akumudikira. Ankathanso kuimba nyimbo yatsopano imene anthu sanaikonde, n'kuibwereza kachiwiri, kachitatu, mpaka pofika m'mawa onse akuiimba. Kulimba mtima kumeneku ndimakusirira. Ife pa ukwati MC akangokuyang'ana ndi diso lofiira umasintha nyimbo pomwepo, chifukwa perekaniperekani asazizire. Levan ankasankha nyimbo ngati munthu wolankhula. Akakhumudwa ndi wina, ovina ankamva m'mawu a nyimbo zimene ankasanja motsatizana. Sankaimba disiko yokha. Ankasakaniza soul, funk, reggae, rock, nyimbo za ku Ulaya zoimbidwa ndi makina, ndi mawu a amayi amene anakulira m'makwaya a mipingo ya anthu akuda. Ovina ankatcha usiku wa Loweruka kuti Misa ya Loweruka. Ine ndine munthu wopemphera, ndimaimba m'kwaya ya abambo, ndipo dzina limeneli poyamba limabaya. Koma ambiri mwa anyamata amenewo anali ana a m'tchalitchi amene makolo ndi abusa awo anawapitikitsa. Njala yoimba pamodzi ndi anthu ena inali ikadali m'mitima mwawo, ndipo anaipititsa kumene chitseko chinali chotsegula.

Mowa sunkagulitsidwa. Munali zipatso, juwisi ndi khofi, zaulere kwa aliyense amene walowa. Popeza panalibe laisensi ya mowa, panalibenso ola lokakamizidwa kutseka, choncho gule ankayamba cha pakati pa usiku n'kufika masana a tsiku lotsatira. Kulowa kunali kwa mamembala ndi alendo awo, ndipo khadi la umembala silinkapezeka wamba. Lachisanu kunkabwera anthu osakanikirana, Loweruka makamaka amuna okonda amuna anzawo. Munali chipinda choonetsera mafilimu ndi malo opumira padenga. Anthu ankabwera ndi zikwama za zovala zosinthira, chifukwa ankadziwa kuti atuluka thukuta. Grace Jones anaimbapo mmenemo. Madonna, asanatchuke, anajambuliramo vidiyo. Keith Haring, katswiri wa zojambula, ankavina kumeneko pafupifupi sabata iliyonse ndipo anajambula pa makoma ake. Frankie Crocker wa wailesi ya WBLS ankabwera kudzamvera, n'kutenga nyimbo zimene zagwedeza garaja kukaziika pa wailesi. M'mawa anthu ankapita ku shopu ya zimbale ya Vinylmania kukafunsa nyimbo imene Larry waimba usiku, ena osadziwa dzina lake, kungoing'ung'udza kuti wogulitsa aizindikire.

Sindikufuna kuwasandutsa angelo. Mankhwala osokoneza bongo analimo, ndipo ambiri. Levan mwini wake anagwidwa ndi heroin, ankachedwa ku ntchito, ankakangana ndi Brody, ndipo m'zaka zake zomaliza anagulitsa zimbale zake zambiri. Anamwalira mu Novembala 1992 ndi matenda a mtima, ali ndi zaka 38 zokha. Mphatso yaikulu chotere kutha pa msinkhu umenewo zimandiwawa, monga zimandiwawira ndikakumbuka oimba athu amene kachasu anawatenga asanafike zaka makumi anayi.

Nkhani ya mnzake uja, Frankie Knuckles, ndi imene imatifikitsa pakhomo pathu. Mu 1977 Robert Williams anatsegula malo ofanana ku Chicago, pa 206 South Jefferson Street, otchedwa Warehouse. Anayamba wafunsa Levan kuti asamukire kumeneko, koma iye anakana n'kutchula Frankie Knuckles. Zida zakumeneko anaikanso Richard Long yemweyo. Ovina anali amodzimodzi: amuna akuda okonda amuna anzawo, opanda kwina kolowera. Pa 12 Julaye 1979, mumzinda womwewo wa Chicago, muulutsi wa pa wailesi Steve Dahl anaitana anthu ku bwalo la masewera la Comiskey Park kuti abweretse zimbale za disiko adzaziphulitse. Kunabwera chinamtindi cha anthu, zimbale zinaphulitsidwa, anthu anathamangira m'bwalo, ndipo masewera achiwiri a tsikulo analephereka. Amene anakonza amati ankangodana ndi nyimbozo. Koma ambiri amene anaona anazindikira kuti chidanicho chinkalozanso kwa eni nyimbowo, anthu akuda ndi amuna okonda amuna anzawo. Makampani akuluakulu anayamba kuthawa disiko, zimbale zatsopano n'kuchepa.

Knuckles sanasiye. Anatenga nyimbo zakale, kuzijambula pa tepi, kudula tepiyo ndi lezala n'kulumikizanso, kuti chigawo chokoma cha ng'oma chitalike. Atachoka ku Warehouse n'kutsegula malo ake a Power Plant, anayamba kuika makina a ng'oma pansi pa nyimbozo kuti kugunda kulimbe. Achinyamata a ku Chicago amene ankamumvera anagula makina otchipa n'kuyamba kupanga zawo m'zipinda zogona. M'mashopu a zimbale anthu ankafunsa nyimbo za ku Warehouse, ndipo dzina linafupika n'kukhala house.

Nthawi yomweyo imfa inali italowa. Mu 1981 madokotala ku America analengeza za matenda achilendo amene ankapha anyamata athanzi. Boma linachedwa kuchitapo kanthu, chifukwa cha mtundu wa anthu amene ankafa. Bungwe lothandiza odwala matendawa la Gay Men's Health Crisis linayamba mu 1982, ndipo chaka chomwecho phwando lake lalikulu losonkhetsa ndalama linachitikira ku Paradise Garage. Mel Cheren anapatsa bungweli zipinda m'nyumba yake kuti likhale ndi ofesi. Malo ovinira aja anasanduka kumene anthu ankamvera kuti uje ali m'chipatala, uje tamuika dzana. Richard Long anamwalira ndi Edzi mu 1986. Brody anadwalanso, nthawi ya lendi ya nyumbayo inatha, ndipo kumapeto kwa Sepitembala 1987 garaja inatsekedwa ndi phwando la masiku awiri osalekeza. Brody anamwalira miyezi yochepa pambuyo pake. Keith Haring anamutsatira mu 1990.

Ndikawerenga zimenezi sindiona anthu achilendo. Kuno wodwala Edzi woyamba anapezeka mu 1985. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, mwa amayi oyembekezera amene ankayezedwa, awiri pa 100 alionse anali ndi kachilombo mu 1985, ndipo pofika 1996 anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Masipika a malume anga amene ankaimba pa ukwati Loweruka ankaimbanso pa maliro Lolemba, nthawi zina m'banja lomwelo. Akalipentala anasiya mipando n'kuyamba mabokosi. Pa mwambo wa maliro tinkangomva kuti malemu anadwala nthawi yaitali, aliyense n'kuweramitsa mutu. Mankhwala aulere otalikitsa moyo anadzafika mu 2004, anzathu ambiri a msinkhu wanga atapita kale. Manyazi, kunong'ona, achibale kukana kutsuka wodwala: anyamata a pa King Street anadutsamo, ifenso tinadutsamo. Ndimadabwa kuti anthu amene tinalira maliro ofanana chotere tingawaone bwanji ngati si anthu anzathu.

Garaja itatsekedwa nyimbo zake zinayenda. Ku London, kalabu ya Ministry of Sound imene inatsegulidwa mu 1991 inamangidwa motsanzira Paradise Garage, ndipo Levan anapitako kukaimba. Zimbale za house zinafikanso ku Johannesburg ndi ku Pretoria chakumapeto kwa ulamuliro wa tsankho. Ma DJ ngati Oskido ndi Christos anazichepetsa liwiro, anyamata a m'makomboni anaikapo mawu m'zilankhulo zawo, ndipo panabadwa kwaito. Achimwene athu obwera ku Joni ankafika nayo pa Wenela m'zikwama, pamodzi ndi mabulangete ndi mawailesi, ndipo ena tinkaionera pa Channel O kunyumba kwa mnzathu wa dishi. Pambuyo pake house ya ku South Africa inakula payokha, ndipo m'zaka za m'ma 2010 m'makomboni a ku Gauteng munatuluka amapiano, ndi besi yake ija yogunda ngati chipika. Lero palibe ukwati mu Blantyre umene ndingaimbe popanda amapiano. Operekeza akwati amayeserera masitepe ake milungu ingapo. Oimba athu a nyimbo zauzimu atenga kagundidwe komweko. Ndaonapo amayi a mvano, atamanga chitenje bwinobwino, akuponya ndalama m'lichero motsatira ng'oma imene agogo ake ndi Frankie Knuckles. Sindikunena izi kuti ndiwachititse manyazi. Kuvina kwawo n'kokoma ndipo ndimasangalala nako. Ndikungofuna kuti tidziwe amene anatiphikira chimene tikudya.

Pakuti mumzinda womwe uno, pa 26 Disembala 2009, pa loji ina ku Chirimba, Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe. Tiwonge, amene ambiri ankamutcha Aunt Tiwo, amadzidziwa kuti ndi mkazi, ngakhale boma linkamutenga ngati mwamuna. Patapita masiku awiri anamangidwa n'kutsekeredwa ku Chichiri. Tsiku lililonse la mlandu anthu ankadzaza pa khoti kudzaseka ndi kukuwiza. Pa 20 Meyi 2010 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga, chilango chachikulu chimene gawo 153 la malamulo a milandu limalola. Pa 29 Meyi, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations, koma ananenetsa kuti sakugwirizana ndi zimene anachita. Tiwonge pambuyo pake anathawira ku South Africa. Masiku amenewo ife a zokuzira mawu tinkafunsana tikakumana kogula mawaya ku Limbe: iwe akanakuimbira foni, ukanapita kukaimba? Ambiri ankati ayi, ena ankati bola ndalama. Lamulo limene linawamangalo anatisiyira ndi atsamunda a ku Britain, amene kwawo ku England analifewetsa mu 1967. Ife m'malo mwake tinaliwonjezera: mu 2011 gawo 137A linayamba kugwira ntchito, lokhudza akazi okhaokha. Ndipo dziwani kuti pamene Paradise Garage inkatsegulidwa, ku New York nakonso lamulo lotere linali likadalipo. Khoti lakumeneko linalithetsa mu 1980. Anthu aja ankavina ali olakwa pamaso pa boma lawo.

Ndili ndi mwana wa achemwali anga amene ndinamulera pa ntchito imeneyi. Anayamba ndi kupinda mawaya, kenako ndinamusiyira mikisa. Khutu lake linali loposa langa. Ankatha kuimirira kumbuyo kwa holo n'kundiuza kuti sipika yakumanzere yayamba kung'ambika, ine ndisanamve kalikonse. Atakula anakapeza nyumba yake ya lendi. Anthu oyandikana naye anayamba kuwerenga amene akulowa ndi kutuluka, mawu anafika kwa eni nyumba, ndipo tsiku lina anapeza katundu wake panja. Sabata yomweyo anyamata ena anamudikirira panjira usiku n'kumumenya mpaka dzino kuguluka. Kupolisi sanapite, poopa kuti wodandaula asanduka woimbidwa mlandu. Anabwera kwathu, mayi a kunyumba anamutsuka mabala, ndipo m'mawa mwake tili pakhonde anandiuza zonse, maso ali pansi.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga bwanji sunandiuze kale, mphwanga?"

Iye anati, "Ankolo, ndimaopa kuti mundilanda makiyi a zida."

Kenako ananena mawu amene sanandichoke mpaka lero. "Inu ndi ine taimbira anthu a mu Blantyre monse muno. Tawavinitsa ndi akazi awo, ndi zibwenzi zawo, ena ndi akazi a eni. Koma ine poti ndivine ndi munthu wanga, nyimbo imodzi yokha, ndi pati?"

Makiyi sindinamulande. Anagwirabe nane ntchito mpaka pamene anaona kuti mumzinda muno sangapumemo, ndipo pano ali ku Cape Town, akugwira ntchito yomweyi. Ndine mwini mbumba, ndipo udindo wa malume ndi kuteteza ana a mlongo wake. Palibe pamene mwambo wathu unanena kuti udindowo umatha mwana akakhala wosiyana ndi anzake. Achemwali anga amalira mpaka pano, osati chifukwa cha chimene mwana wawo ali, koma chifukwa ali kutali ndipo iwo akukalamba.

Mu Julaye 2023 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anatsogolera anthu ambirimbiri kuyenda m'misewu ya Blantyre kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Ambiri mwa oyendawo ndi anzanga, ena timakhala benchi imodzi Lamulungu. Mmodzi anandipempha masipika oti aike pa lole. Ndinamuuza mwaulemu kuti zida zanga zimene mwana uja anazisamalira zaka zonsezi sizingapite kukakuwira iye. Sitinakangane, ndipo timapatsanabe moni. Sindikupempha m'busa aliyense kuti adalitse chimene chikhulupiriro chake chikukana. Chimene ndikukana ine ndi ndende, zibakera za usiku, ndi katundu woponyedwa panja. Munthu angathe kukhulupirira kuti chinthu ndi tchimo popanda kufuna kuti mwana wa mnzake akaole ku Chichiri zaka 14.

Pa 28 Juni 2024, patatha zaka 55 ndendende chichitikire chipolowe cha ku Stonewall, khoti loona za malamulo aakulu a dziko lino, litakhala konkuno ku Blantyre, linakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani loti magawo a malamulo onga 153 lija athetsedwe. Oweruza anati wofuna kuti lamulo lisinthe apite ku Nyumba ya Malamulo. Choncho nkhaniyi ili m'manja mwa aphungu, anthu omwewo amene ana awo timawaimbira pa maukwati.

Ku America, malo a Stonewall anawasandutsa chikumbutso cha dziko mu 2016. Mzinda wa Chicago unateteza nyumba ya Warehouse mu 2023 kuti isagwetsedwe, ndipo msewu wodutsa pamenepo unapatsidwa dzina la Frankie Knuckles iye akadali moyo. Garaja ya pa King Street inalibe mwayi umenewo: inagwetsedwa mu 2018. Kuno kwathu kulibe nyumba yoti tingailoze. Kuli maphwando a m'nyumba za anthu, kuseri kwa mipanda ya njerwa, oitanidwa okhaokha, wina ataima pageti kuyang'ana amene akubwera, monga ankachitira Mancuso mu 1970. Ena mwa okonza maphwando amenewa anapatsidwa nambala yanga ndi mphwanga uja asanachoke. Akandiimbira ndimapita. Mtengo ndi womwewo umene ndimatchaja aliyense, ndimafika nthawi yabwino, ndimanyamula jenereta kuopera magetsi, ndipo besi ndimaitsitsa pokhapokha eni phwando atandipempha okha.